Nsapato za Bwana ndi Phazi la Kireni

1. Matope pa geti

Mvula inagwa masiku angapo osapumira, ndipo pa geti la pamalo amene akumangapo nyumba yosanja panasanduka dambo. Ukaponda, nsapato inkatsala pomwepo, iwe n'kupitirira ndi sokosi.

Ine ndimagulitsa tiyi ndi buledi pa geti pomwepo. Tebulo langa lili ndi miyendo itatu yabwinobwino, wachinayi ndinauchirikiza ndi njerwa. Kusukulu ndinangopita kukaona nkhope ya aphunzitsi, sinandisangalatse, ndinabwerako. Koma maso ndili nawo, ndipo zimene ndikuuzenizi, ana inu, ndinaziona ndekha.

M'kati mwa mpandawo mumagwira ntchito mwana wa malemu achimwene anga, mtsikana wowonda ngati mtengo wa tsache. Anyamata a pamalopo anamutcha Kawezulo, chifukwa ntchito yake ndi yolondolera kireni.

Kireni ndi chigalimoto cha mkono wautali chonyamulira zinthu zolemera. Ikafika pogwirira ntchito imatulutsa miyendo inayi yachitsulo m'mbali, n'kuponda nayo pansi, matayala n'kutsala m'malere. Pansi pa phazi lililonse amayalapo matabwa okhuthala kuti lisalowe m'dothi. Woyendetsa amakhala m'kachipinda kagalasi ndipo saona zonse. N'chifukwa chake pansi pamaima munthu mmodzi wovala kajekete konyezimira, wezulo pakamwa, womuuza ndi manja kuti kweza, tembenuka, tsitsa. Munthuyo ndi Kawezulo.

Amene anamupezera ntchitoyo ndi amalume ake enieni, a Kapitawo a pamalopo. Tsiku loyamba, asanatuluke m'nyumba, amayi ake anamukhazika pansi ine ndili pompo.

"Mwanawe, tamvera," anatero. "Bambo ako atatisiya, amene anatitola ndi amalume akowa. Yunifolomu yako ankagula ndi iwo. Ukadwala ankakunyamula panjinga ndi iwo. Kuntchitoko usakandichititse manyazi. Akati pita uko, pita. Akakukalipira, yang'ana pansi. Chikakuwawa, bwera nacho kuno tidzakambirane m'nyumba. Koma kuwayankha pamaso pa anthu awo, usadzayerekeze. Ukadzatero, ine pakhomo pa achimwene anga ndidzalowa bwanji?"

"Ndamva, amayi," anayankha Kawezulo.

2. Chenjezo la a Pang'ono

M'mawa wa tsiku limene ndikunenali kunali chiziziri, mitambo yakuda ili ndundundu kuseri kwa nyumbayo. Lole inali itabwera ndi masitepe a simenti oumbiratu, chinthu chimodzi chachikulu, oti akwezedwe pamwamba.

Woyendetsa kireni anabwera kudzamwa tiyi. Ndi bambo wa imvi, wovutika ndi bondo, ndipo onse amangowatcha a Pang'ono chifukwa mawu awo ndi amodzi: pang'onopang'ono. Tiyi amene amamwa mpaka ntchentche zimatopa kudikira.

Anakodola Kawezulo kuti akhale pafupi.

"Mwana wanga," anayamba, "anthu akaona kireni amayang'ana kumwamba. Amaopa chingwe, amaopa ngowe. Ine ndimaopa pansi. Chingwe chachitsulo chikafuna kuduka chimayamba chaonetsa, timawaya timatuluka ngati ndevu. Koma dothi limabisa. Pamwamba lauma, pansi lavunda. Lero tikuima kuseri uko, pafupi ndi pamene anakumba ngalande ya mapaipi n'kukwirira. Dothi lokwirira ndi labodza. Ndiye usanaimbe wezulo, zungulira mapazi onse. Usafunse munthu, pita ukaone wekha. Ukaona madzi akutumphuka m'mbali mwa thabwa, kapena dothi likung'ambika, usadikire kuti uonetsetse. Kireni ikayamba kugwa sibwerera."

Anapsontha tiyi, n'kupitiriza.

"Ndili mnyamata ndinaona ina ikugwa. Sinachite phokoso poyamba. Inangopendekeka ngati munthu wofuna kunong'oneza mnzake. Pafupi ndi katundu panali mnzanga, atamugwira katunduyo ndi manja m'malo momuwongola ndi chingwe ali patali. Chisoti chake tinachitola chili bwinobwino, chopanda ndi kachikanda komwe."

Ketulo inkangolira pambali.

"China ndi ichi. Pokweza ndimamvera iwe wekha. Abwere mwini nyumba, abwere amalume ako, ine sindiwaona. Koma kuimitsa, aliyense angathe kundiimitsa. Ngakhale azakhali akowa."

"Ine?" ndinatero. "Ndiye mawa ndidzakuimitsani mpaka mutandikwatira."

"Mayi, ndi bondo ili mungandithamangitse ndi ntchito zanu," anatero a Pang'ono, n'kunyamuka akutsimphina.

Anyamata anaseka. Kawezulo sanaseke. Anangoyang'ana mitambo ija.

3. Njira ya nsapato

Pasanapite nthawi anatulukira a Kapitawo, foni ili m'manja, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira.

"Bwana mwini nyumba akubwera lero lomwe," anatero.

"Aja a nsapato zoyera?" ndinafunsa.

Tonse tinkakumbukira. Ulendo wathawo bwanayo anaterereka pa geti, nsapato n'kuda, ndipo anawakalipira a Kapitawo ngati mwana, anthu awo onse akumva. Kuyambira tsiku limenelo a Kapitawo akamva hutala amadzidzimuka.

Anayang'ana matope aja, n'kukuwa. "Mapewa!"

Mapewa ndi mwana wawo, msuweni wake wa Kawezulo, mnyamata wadzitho wonyamula thumba la simenti ngati pilo. Mphamvu Mulungu anamupatsa zambiri, koma kufunsa anamumana.

"Yala matabwa kuyambira apa mpaka ku ofesi. Olimba. Usandibweretsere zophwanyika."

Mapewa anapita kukasaka matabwa olimba. Ndipo pamalo ponsepo, olimba kuposa onse ndi a kireni. Mapazi atatu anali ataponda kale pa matabwa ake. A phazi lachinayi, lakumbuyo, anali akadali mulu podikira. Anawanyamula onse.

Atawayala ndinawazindikira. Pakati pake panali chipsera chozungulira chakuda ndi girisi.

"Alamu," ndinawaitana a Kapitawo, "matabwa awa si nsapato za kireni? Ndiye iyo iyenda chosavala kuti bwana ayende bwino?"

"Alamu, inu gulitsani tiyi," anatero. "Kireni ndi lole yokhala ndi mkono basi. Ine malole ndayendetsa inu mukadali ndi mano onse."

Kuseri kuja ndinamva a Pang'ono akukuwa ali mbali ina ya kireni, potsitsira miyendo. "Kumbuyoko matabwa alipo?"

"Alipo, madala!" anayankha Mapewa.

Phazi linatsika. A Pang'ono anayang'ana matope, anayang'ana bondo lawo, n'kukwera m'kachipinda kawo.

4. Phazi lachinayi

Ndinalowa kukatolera makapu anga. M'katimo salola munthu wopanda chisoti, ndiye ndili nacho changa chondibwereka, chachikulu, chondifika m'maso. Ndinaima kunja kwa chingwe chofiira chimene amatchingira pogwira ntchito kireni.

Kawezulo anali atamaliza kuona matcheni pa lole. Anayamba kuzungulira mapazi. Loyamba, anagwedeza mutu. Lachiwiri. Lachitatu. Atafika pa lachinayi anaima chilili.

Pansi pa phazilo panali chitseko chakale cha kuchimbudzi, loko wake akadalipo. Ndipo chitsekocho chinagona pamwamba penipeni pa ngalande yokwirira ija.

"Mapewa, ichi n'chiyani?"

"Thabwa, mkazi wanga," anatero Mapewa, poti asuweni amaseleulana choncho. "Wayamba kundilamulira ndisanakulowole n'komwe?"

Kawezulo anamusiya n'kupita kwa amalume ake. Anapinda bondo pang'ono, mawu ali pansi.

"Amalume, pepani, ndimati ndikuuzeni kumbali. Phazi lakumbuyo laponda pa chitseko. Pansi pake m'pamene anakwirira paja."

"Chitseko si thabwa?"

"N'chopyapyala, amalume. Bwanji titenge aja a pa geti, tikamaliza tikayalenso?"

"Tikweze phazi, tinyamule matabwa, tiyambirenso? Bwana ali m'njira. Mitambo iyo ukuiona? Masitepe amenewa bwana awapeze ali pamwamba."

"Ndiye ndikangowauza a Pang'ono..."

"Ukawauze chiyani? Kuti mwana wanga ndi wabodza?" Anamuyandikira. "Iwe, wezulo ameneyu anakuveka ndani? Pita pamalo pako."

Kawezulo anayang'ana pansi, monga anamuuzira amayi ake. Injini ya kireni inali ikubangula, a Pang'ono atatseka chitseko chawo, maso ali pa iye, akudikira dzanja lake.

Anapita pamalo pake. Koma ndinaona kuti sanaime pamene amaima masiku onse. Anasunthira kumbuyo, poti azitha kuona woyendetsa ndi phazi lija nthawi imodzi.

Anaika wezulo pakamwa. Anakweza dzanja.

5. Wezulo

Matcheni anawongoka. Masitepe anadzuka pa lole, lole n'kupuma ngati munthu amene amutula mtolo. Anakwera pang'ono, n'kulendewera. Palibe chinachitika.

"Mwaona?" anakuwa a Kapitawo. "Tembenuzani!"

Kawezulo analoza, ndipo mkono wa kireni unayamba kutembenukira kumbuyo. Kulemera konse kunayamba kupita ku phazi la chitseko lija. Masitepe ankayenda m'malere cha m'mapewa mwa munthu. Mapewa anasiya chingwe chowongolera chikukwekwereka m'matope, n'kuika dzanja pa simenti penipeni, akuyenda nawo ngati akuperekeza mlendo.

Pa geti panalira hutala. Galimoto yoyera. A Kapitawo anadzidzimuka, n'kuyamba kupukusa dzanja. "Changu! Changu!"

Ine maso anga anali pa chitseko. M'mbali mwake madzi akuda anayamba kutumphuka, timathovu phu, phu, ngati pansi pali chinthu chikupuma. Dothi linang'ambika kamzere kakang'ono kothamangira kumene kunali mapazi a Mapewa. Kenako chitseko chinalira. Osati kwambiri. Chinangoti thee, ngati kankhuni kouma.



Kawezulo anayang'ana amalume ake. Anayang'ana Mapewa. Kenako anaimba wezulo wautali wolasa m'makutu, n'kutambasula manja onse awiri.

Mkono unaima pomwepo. Masitepe anagwedezeka uku ndi uku, matcheni akulira.

"Iwe!" anakuwa a Kapitawo. "Wakuuza ndani?"

"Mapewa, choka!" anakuwa Kawezulo.

"Aa, mkazi wanga..."

"Ndati choka pamenepo!"

Mawu amenewo sindinawamvepo m'kamwa mwa mwana ameneyu. Mapewa anachotsa dzanja n'kubwerera chafutambuyo, nkhope itasintha.

Kawezulo analoza pansi, dzanja likuyenda modekha. A Pang'ono anatsitsa, pang'onopang'ono monga dzina lawo, mpaka masitepe anakhala pa matope kuti nyaa. Matcheni anafooka. Apo m'pamene ndinakumbukira kupuma.

Nditacheuka, bwana anali ataima pa matabwa a kireni aja, nsapato zake zili mbee, akuonerera masitepe ake ali m'matope.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa.

"Mwana wamantha, bwana," anatero a Kapitawo, chisoti chili m'manja. "Wangoyamba kumene."

"Ndiye mumaika ana pa ntchito yanga?" Anayang'ana wotchi. "Ndikupita kwina, ndibweranso masana. Ndidzapeze zimenezi zili pamwamba. Apo ayi, ndidzapeze kapitawo wina."

Anatembenuka, n'kubwerera pa matabwa omwe aja osadetsa ndi chidendene chomwe.

6. Makiyi

Galimoto inapita. Osakaniza simenti anasiya mafosholo. Omanga anasuzumira kuchokera pamwamba.

A Kapitawo anapita kukaona chitseko. Chinali chitang'aluka pakati, phazi litalowa m'dothi ngati chikhatho cha munthu.

"Changong'aluka basi," anatero. "Mapewa, bweretsa china usanjikize."

"Tingotenga a pa geti aja, adadi," anatero Mapewa chapansipansi.

"A pa geti sachoka! Bwana akubweranso." Anatembenukira kwa Kawezulo. "Iwe, pamalo pako."

Kawezulo sanasunthe. Ulendo uno sanayang'ane pansi.

"Amalume, ndinalakwa kuimba poyamba paja. Sindiimbanso mpaka matabwa abwerere."

Anthu onse anamva. Wina pamwamba anati, "Eee!"

A Kapitawo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndinakulera ndi manja anga awa," anatero, "kuti lero uzindiphunzitsa ntchito pamaso pa anthu anga? Vula kajekete ndi wezulo."

Kawezulo anavula kajekete konyezimira. Anachotsa wezulo m'khosi. Anapereka ndi manja awiri, bondo atapinda.

"Ukawauze amayi ako wekha zimene wachita. Tuluka."

A Pang'ono anali atazimitsa injini n'kutsika. Anatsimphina m'matope mpaka pa phazi lija, n'kuliyang'ana osaphethira.

"Wolakwa ndine," anatero. "Ndinauza mwana kuti asafunse munthu, ine n'kufunsa. A Kapitawo, tamverani. Mukasanjikiza chitseko china, chithyokanso, chifukwa vuto lili pansi, ndipo pansipo pafooka kale. Kireni iyi iyenera kuchoka pamenepa, tiikhazike pouma, pa matabwa ake. Bwana akalipa, akalipe. Mawu ake sapha munthu. Koma ichi chikagwa, simudzasankha woti chimugwere."

"Madala, mukweza kapena ayi?"

"Sindikweza."

Anaika makiyi m'thumba n'kuuyamba wa ku geti.

Ine ndi Kawezulo tinawatsatira, ndipo pa tebulo langa ndinawathirira tiyi onse awiri. Wa Kawezulo ndinamuthirira shuga wambiri.

"Azakhali, ndikawauza chiyani amayi?"

"Ukawauze kuti msuweni wako akadali ndi mapewa onse awiri," ndinatero. "Akakuthamangitsa, udzagona kwa ine. Ndimaliza mkonono, koma uzolowera."

Anayesa kumwetulira. Madontho oyamba a mvula anayamba kugunda pa lata la tebulo langa.

Kenako kuseri kuja injini ya kireni inatsokomola, n'kubangula.

Tonse tinacheukira a Pang'ono. Iwo anali atakhala pa benchi pafupi ndi ine, kapu ili m'manja. Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi awo.

"Makiyi ena amakhala mu ofesi," anatero.

Tinasuzumira pa mpanda. M'kachipinda kagalasi munali a Kapitawo, akuyang'ana zogwirira ngati munthu wosankha pa msika. Pansi panaima Mapewa, atavala kajekete kosamukwana, wezulo ali pakamwa, dzanja limodzi lili pa masitepe. Kumbuyo kwake phazi lija linali litaponda pa zitseko ziwiri.

Kawezulo anaika kapu pa tebulo.

"Madala, munati kuimitsa aliyense angathe?"

"Ndinati ine ndimamvera, mwana wanga. Amene ali m'katimo sindikudziwa."

Mwanayo anatola chisoti chake. Ndinati ndimugwire mkono, koma ndinangogunda tebulo, njerwa ija n'kuchoka, ketulo n'kukhuthukira m'matope. Iye anali atalowa kale pa geti, akuthamanga pa matabwa a bwana, wopanda kajekete, wopanda wezulo, manja onse awiri atatambasula.

Kuseri kwa kireni, matcheni anali atayamba kuwongoka.